Kope, Pensulo ndi Ndowa: Kasungidwe ka Mbiri ya Banja ndi Ndalama Zochepa

M'nyumba zambiri mbiri ya banja ilipo, kungoti ili balalabalala. Kalata ya ubatizo ya agogo ili m'kati mwa Baibulo, zithunzi za ukwati zili mu sutikesi kunsi kwa bedi, chitupa chomwe agogo aamuna ankayendera ku Joni chili kwa azakhali kumudzi, ndipo zotsala zonse zili m'mutu mwa nkhalamba imodzi kapena ziwiri. Kusonkhanitsa zimenezi sikulira ndalama zambiri. Chimene chimagwetsa ntchitoyi kawirikawiri ndi kuyamba osapatsa munthu aliyense nambala yake, komanso kulemba nkhani osalemba amene wakuuzani. Pakatha miyezi itatu mumapezeka muli ndi mulu wa mapepala okamba za Aphiri anayi osiyana, osadziwanso kuti pepala ili ndi la uti.

Zogula zake ndi izi: kope limodzi la A4 lachikuto cholimba, la masamba 192 kapena kuposerapo, kope laling'ono la kusukulu loyenda nalo, pensulo ya HB yolembera m'kope ndi ya 2B yolembera kuseri kwa zithunzi, bolopeni yakuda, rula, maenvulopu akhaki a A4 okwana 15, mapepala oyera a A4 okwana 100, ndi chosungiramo chokhala ndi chivindikiro. Foni yojambula zithunzi ndi mawu ngati mulibe, bwerekani ya m'bale. Ndalama ikachepa yambani ndi makope awiriwo ndi pensulo, zinazo zibwera pambuyo. Ndalama yaikulu pa ntchito yonseyi muisungire thiransipoti yopita kwa achikulire, chifukwa ulendo umenewo ndi wokhawo umene sungadikire chaka chamawa.

Aliyense akhale ndi nambala yake

Ofufuza mibadwo ali ndi kawerengedwe kakale kamene sikafuna kompyuta. Inuyo ndinu 1. Bambo anu ndi 2, mayi anu ndi 3. Makolo a bambo anu ndi 4 ndi 5, makolo a mayi anu ndi 6 ndi 7. Lamulo lake ndi limodzi: nambala ya munthu mukaichulukitsa kawiri mwapeza bambo ake, mukaonjezapo 1 mwapeza mayi ake. Choncho bambo a 6 ndi 12, mayi ake ndi 13. Mibadwo inayi ili ndi anthu 15, isanu ili ndi 31. Ngakhale dzina la 13 musakulidziwa, malo ake alipo kale, akudikira tsiku limene wina adzalikumbuke.

Kawerengedweka kamagwirizana ndi miyambo yonse iwiri ya kuno. Kumene mtundu umatsata kuchikazi, monga mwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe, mzere wa mbumba ndi 3, 7, 15, 31. Kumene umatsata kuchimuna, monga mwa Angoni a ku Mzimba, mzere wake ndi 2, 4, 8, 16. Musanayambe, ganizani bwino za amene akhale 1. Ngati mukufuna kuti kope limodzi linyamule mbali yanu ndi ya amuna kapena akazi anu, ana anu ndiwo akhale 1, inu awirinu 2 ndi 3. Mukasankha musadzasinthenso, poti kusintha 1 ndi kusintha manambala onse a pa maenvulopu ndi pa zithunzi.

Abale obadwa nawo apatseni zilembo motsata kubadwa. Achimwene ndi achemwali a mayi anu akhala 3a, 3b, 3c, ndipo ana a 3b akhala 3b1, 3b2. Pa mitala kapena ukwati wachiwiri onjezani M: mkazi wina wa agogo 4 ndi 4-M2, ana ake 4-M2a, 4-M2b. Ana amenewa musawasiye kunja. Kawirikawiri zithunzi ndi makalata amene akusowa kwanu amapezeka kunyumba inayo.

Masamba anayi oyamba a kope lalikulu muwasiyire mndandanda wa manambala, mayina ndi tsamba lomwe munthuyo ali. Kenako munthu aliyense mumupatse masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere lembani za iyeyo: mayina ake onse, mfunda wake, mudzi, mfumu ya mudziwo, T/A ndi boma, chaka chobadwa, mpingo kapena mzikiti, amene anakwatirana naye, ngati unali ukwati wachikamwini kapena chitengwa, ankhoswe ake, ana onse motsatana pamodzi ndi omwe anamwalira ali aang'ono, ntchito ndi maulendo, imfa ndi kumene anaikidwa. Kumanja lembani kumene chinthu chilichonse mwachitenga. Anthu 31 adya masamba 62, otsalawo ndi a abale awo.

Tsamba la kumanjali ndiye mtima wa kope lonse. Pa mfundo iliyonse ikani chilembo chimodzi: P ngati mwaiona papepala, M ngati wakuuzani ndi mboni imene inalipo, K ngati wokuuzaniyo nayenso anachita kumva. Lembani dzina la wokuuzaniyo, tsiku ndi malo. Zonse ziyambe zalembedwa ndi pensulo, ndipo bolopeni ibwere pokhapokha magwero awiri osadalirana akanena chimodzimodzi. Awiri akatsutsana lembani zonse ziwiri, musafute chimodzi chifukwa choti wachinenayo simugwirizana naye.

Mayina, ubale ndi zaka

Apa ndi pamene ambiri amasochera, ndiye tichedwepo. Munthu mmodzi wa m'badwo wa agogo akhoza kukhala ndi mayina anayi kapena asanu: la paubwana, la kuchinamwali, la paubatizo, la kuntchito, ndi la mfunda. Mayi amene mudzi wonse unkamudziwa kuti Nabanda kapena Naphiri, m'kaundula wa mpingo analembedwa dzina lina limene ngakhale adzukulu ake sanalimvepo. Amuna ena popita kumigodi ankalembetsa dzina la bambo awo kapena la malume awo, ena ankayendera chitupa cha munthu wina. Aliponso amene anabwereza Sitandade 8 pa dzina latsopano, n'kukhala nalo moyo wonse. Kwina munthu akalowa ufumu amatenga dzina la amene wamulowa m'malo, mwakuti dzina limodzi limakhala la anthu atatu otsatizana. Mukamva kuti mfumu yakutiyakuti inamenya nkhondo ya 1914 ndipo inamwalira 1998, funsani ngati si anthu awiri. Dzina lililonse lilembedwe ndi kumene linkagwira ntchito, ndiponso monga momwe lalembedwera papepala, ngakhale mlembi wachizungu analiphonya. Kalembedwe kolakwikako ndi kamene mudzafufuzire m'makaundula ena.

Mawu a ubale nawo amasokoneza. Wachikulire akanena kuti “amenewo anali bambo anga”, akhoza kutanthauza bambo owabereka, bambo aakulu kapena bambo aang'ono. “Achimwene” akhoza kukhala mwana wa mayi aang'ono. M'moyo wa tsiku ndi tsiku kusiyanitsa zimenezi n'kupanda ulemu, koma m'kope n'kofunika. Funsani mofatsa kuti, “Kodi munabadwa mimba imodzi?” kapena “Mayi awo owabereka anali ndani?” Pofuna mndandanda wa ana, yambirani pa chisamba, muzifunsa amene anapondana naye, mpaka mufike pa mzime. Mukaona mpata wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pakati pa ana awiri, funsani ngati panalibe amene anamwalira, kapena ngati bambo anali kuulendo.

Za zaka, dziwani kuti nthawi ya atsamunda lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa kwa azungu ndi amwenye okha, osati eni dziko. Kulembetsa mwana aliyense kunakhala lamulo mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zinaperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017. Achikulire ochuluka pa nthawiyo anangoyerekeza chaka chawo chobadwa. Choncho chiphaso cha unzika cha agogo chisakhale mboni yomaliza. Pepala lodalirika ndi limene linalembedwa pafupi ndi tsiku la chochitikacho. Khadi la kusikelo limaposa setifiketi ya kusukulu, poti zaka za kusukulu ndi za kuntchito ambiri ankazichepetsa. Tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa: ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu atatha kalasi. Chiliza chimanena zoona pa tsiku la imfa kusiyana ndi chaka chobadwa, ndipo ngati chinamangidwa patapita zaka zambiri, onse awiri akhoza kuphonyeka.

Popanda pepala, gwiritsani ntchito zochitika zimene aliyense amazikumbukira. Nkhondo ya Chilembwe inali mu Januwale 1915, mkati mwa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 imene inatenga amuna ambiri ngati asilikali ndi amtengatenga. Nkhondo yachiwiri inali 1939 mpaka 1945. Napolo anagwa ku Zomba mu Disembala 1946. Njala yaikulu inali 1949. Chitaganya chinayamba 1953 n'kutha 1963. Kamuzu anabwera pa 6 Julayi 1958, anthu anamangidwa ndi kuphedwa kuyambira pa 3 Malichi 1959, ufulu unabwera 1964. Kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Ulendo wa Wenela wopita kumigodi ya ku Joni unaimitsidwa 1974 ndege itagwa ku Francistown. Madzi ndi miyala zinakokolola midzi ku Phalombe mu Malichi 1991, riferendamu inali pa 14 Juni 1993, ndipo njala ina inavuta mu 2002. Funso likhale lakuti, “Pa njala ya 49 munali msinkhu wanji? Munali kumbuyo, munkayenda, kapena munali mutatha msinkhu?” Mtsikana amene anali atangotha msinkhu mu 1949 anabadwa cha m'ma 1934 mpaka 1936. M'kope lembani “cha m'ma 1935”, ndipo kumanja mufotokoze mmene mwachipezera chakacho.

Mayina a malo anasinthanso. Pa mapepala akale Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Cholo ndi Thyolo, Kota Kota ndi Nkhotakota. Fort Jameson ndi Chipata ku Zambia, Salisbury ndi Harare. Maboma ena anachita kudulidwa kuchokera ku anzawo, monga Phalombe ku Mulanje, Balaka ku Machinga ndi Neno ku Mwanza, choncho munthu wolembedwa kuti ndi wa ku Mlanje akhoza kukhala wa ku Phalombe. Lembani dzina lakale ndi latsopano limodzi.

Kucheza ndi achikulire

Tumizani mawu pasadakhale, ndipo ngati banja lili ndi mwinimbumba yambani mwamudziwitsa, kuti ntchito yanu isaoneke ngati kufufuza za minda kapena za ufumu. Musapite chimanjamanja, shuga, mchere kapena sopo n'zokwanira. Pemphani chilolezo chojambula mawu. Foni muichotse pa netiweki kuti kuimba kusadule kujambula, muiike pa nsalu yopindidwa kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pa wolankhulayo, kutali ndi mphepo, wailesi ndi chigayo. Poyamba penipeni nenani tsiku, malo, dzina lanu ndi la amene mukucheza naye. Jambulani mphindi imodzi, mumvetsere ngati zikumveka, kenako pitirizani. Ola limodzi la mawu limadya pafupifupi 60 MB, choncho onani malo m'foni musananyamuke.

Mphindi 45 kapena ola limodzi n'zokwanira pa tsiku. Wachikulire akatopa amayamba kungovomera chilichonse chimene mwanena. Pa chifukwa chomwecho musafunse kuti, “Agogo anabadwira ku Dedza, eti?” Funsani kuti, “Agogo anabadwira kuti?” Chezani ndi mmodzimmodzi kaye, amayi paokha, chifukwa pagulu wamkulu akalankhula enawo satsutsa, ndipo amene amasunga bwino mndandanda wa ana, maukwati ndi maliro kawirikawiri ndi amayi. Tengani zithunzi zakale, muzionetsa chimodzichimodzi n'kufunsa mayina kuyambira kumanzere. Chithunzi chimatsegula pakamwa kuposa funso. Tsiku lomwelo, zinthu zisanazizire, mvetserani zonse ndi kulemba mfundo m'kope laling'ono, pambali pake mphindi imene zanenedwa, monga 23:10. Mukatero simudzavutika kumvetsera ola lathunthu pofuna dzina limodzi.

Pa maliro si pojambulira anthu, koma pali zinthu ziwiri zoti mupemphe mwambo ukatha: pepala la mbiri ya womwalirayo limene limawerengedwa kumanda, ndi kope lolembamo chipepeso. Loyambalo limatchula kwawo, ana ndi adzukulu. Lachiwirilo ndi kaundula wa abale ndi midzi yawo pa tsikulo, ndipo nthawi zambiri limatayika sabata isanathe. Nthawi yomanga ziliza, ya chinkhoswe kapena ya sadaka ndi yabwino kukumana ndi abale ochokera kutali pa thiransipoti imodzi. Kumanda musalowe nokha kukajambula ziliza. Pemphani kwa amfumu, akupatseni wokuperekezani. Manda opanda chiliza muwajambule pa pepala, kusonyeza mtengo kapena manda oyandikana nawo.

Zina zimene mudzamve ndi zachinsinsi: mwana amene bambo ake si amene anthu amadziwa, matenda, kunenerana ufiti, mikangano ya malo. Zimenezi zisalowe m'kope lalikulu limene aliyense aziwerenga. Zikhale mu envulopu yakeyake yomata, ndipo wokuuzaniyo anene yekha amene angazione ndi nthawi yake.

Mapepala ndi zithunzi

Yalani mkeka kapena tebulo louma, sambani m'manja ndi kupukuta bwino, tiyi akhale kutali. Gawani mapepala potsata nambala ya munthu, osati mtundu wa pepala. Envulopu iliyonse ikhale ya banja limodzi, monga “4 ndi 5”, ndipo kunja kwake lembani ndi pensulo zonse zili m'katimo. Pepala lokhudza anthu awiri a m'maenvulopu osiyana likhale mu envulopu ya mmodzi, kwa winayo muikeko kapepala kolozera. Pakona ya kuseri kwa pepala lililonse lembani mopepuka nambala yake: 4/1, 4/2, 4/3. Chinthu chobwereka chijambuleni n'kuchibweza tsiku lomwelo, eni ake akuona. Mukachedwa nacho, khomo limenelo silidzakutsegukiraninso.

Chotsani mapini, mawaya omangira mapepala ndi malabala. Chitsulo chimachita dzimbiri n'kudya pepala, labala imasungunuka n'kumatirira. Pepala long'ambika musalimate ndi selotepi, chifukwa zomatira zake zimalowa m'pepala n'kusiya chikasu chosachoka. Ingoliikani pakati pa mapepala awiri oyera. Pepala lakhaki ndi la nyuzipepala lili ndi asidi amene amafiiritsa choyandikana nacho, ndiye chikalata chilichonse chofunika chikhale ndi pepala loyera kutsogolo ndi kumbuyo chisanalowe mu envulopu. Nkhani yodula m'nyuzipepala ipangeni fotokope, mulembepo dzina la nyuzipepalayo ndi tsiku. Malisiti a makina, aja osalala, amafufutika okha, choncho nawo apangeni fotokope msanga.

Chinthu chimene anthu amawonongerapo ndalama poganiza kuti akuteteza ndi lamineshoni. Makina ake amamata pulasitiki ndi moto, ndipo ikamatika siimatukanso popanda kung'amba zolembedwa. M'mbali mukatseguka pang'ono, chinyezi chimalowa n'kukhazikika m'katimo. Ngati mukufuna choti anthu azigwira, pangani fotokope n'kumata imeneyo, chenichenicho chikhale mu envulopu. Timatumba tapulasitiki toikamo mapepala ndi tabwino ngati talembedwa PP. Pulasitiki yofewa yonunkha, ya PVC, imamata inki ya fotokope ndi nkhope ya chithunzi.

Zithunzi muzigwire m'mbali. Kuseri kwake lembani ndi pensulo ya 2B, chithunzicho chili pa malo olimba: mayina, nambala za anthuwo, malo ndi chaka. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo, ndipo inki yake imapaka chithunzi chapansi. Ngati pensulo ikukana kugwira, lembani pa pepala loyera n'kukulungira chithunzicho. Chidindo cha situdiyo chili kuseri chisafutidwe. Chimakuuzani tauni imene munthuyo anali. Zithunzi zimene zinamatirira mu alubamu musazikoke, zijambuleni zili momwemo.

Adani a pepala kuno ndi chiswe, njenjete, mphemvu, makoswe, chuku ndi denga lodontha. Katoni ndi chakudya cha chiswe, sutikesi yansalu imamwa chinyezi. Chotchipa chimene chimagwira ntchito ndi ndowa yapulasitiki ya malita 20 yatsopano, yokhala ndi chivindikiro chothina, kapena thiranki yachitsulo yopanda dzimbiri. Mu ndowa maenvulopu aimirire pakati pa makatoni awiri olimba okutidwa ndi pepala loyera, kuti asapindike. Koma chotseka bwino chimatsekeranso chinyezi m'kati, ndiye longedzani tsiku louma, makamaka Sepitembala kapena Okutobala, osati m'kati mwa dzinja. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ponyanimo, mutatiyanika padzuwa lamphamvu. Ndowayo ikhale pamwamba, pa shelefu kapena pa tebulo, yosagunda khoma, kutali ndi khitchini, kutali ndi matumba a chimanga, komanso osati kufupi ndi malata kumene kumatentha masana. Itseguleni kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi itangotha, muone ngati muli fungo la chuku kapena tizitosi ta tizilombo.

Mapepala akanyowa, chuku chimayamba pasanathe masiku awiri. Ayaleni pamthunzi podutsa mphepo, pa nsalu youma, limodzilimodzi. Buku liimikeni chotsegula, muikemo mapepala oyera n'kumawasintha akanyowa. Zithunzi ziume nkhope ili kumwamba, osasanjikiza. Musayanike padzuwa kapena kusita, ndipo zomatirirana musazikakamize kulekana. Amene anaona madzi a Januwale 2015 kapena Namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti ndowa yokhala ndi chogwirira imanyamulika pothawa, pamene kabati imatsala.

Za m'foni

Jambulani chilichonse, kutsogolo ndi kuseri. Chitani zimenezi masana pakhonde, pamthunzi, fulashi itazimitsidwa. Pepala ligone pa nsalu yakuda, foni ikhale pamwamba pake molunjika, m'mbali zonse zinayi zikuoneka. Pukutani diso la kamera kaye, ndipo mukajambula kulitsani chithunzicho muone ngati zilembo zing'onozing'ono zikuwerengeka. Zochepa zofunikitsitsa mukhoza kukazipanga sikani kumalo a fotokope. Nenani kuti mapepala akhale 300 dpi, zithunzi zing'onozing'ono 600 dpi, ndipo pepala lakale aliike pagalasi, lisadutse m'makina okoka mapepala.

Dzina la fayilo liyambe ndi nambala ya munthu, kenako chaka, kenako chinthucho: 006_1968_mtchatho_kutsogolo. Maziro akutsogolowo amathandiza kuti mafayilo asanjike bwino. Mafoda akhale ofanana ndi maenvulopu, kuti chimene chili mu envulopu “6 ndi 7” chipezekenso mu foda ya dzina lomwelo.

Chilichonse chikhale malo atatu, amodzi mwa iwo kunja kwa nyumba yanu: m'foni, pa memori khadi kapena fulashi yosungidwa mu ndowa ija, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, yokwana zithunzi pafupifupi 5,000 za 3 MB, ngati maimelo ndi mavidiyo sanadyeko malo. Kampaniyi ikhoza kufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa, choncho muziilowa, ndipo pasiwedi yake ilembedwe pa pepala limene m'bale mmodzi wodalirika akudziwa pamene lili. Kwezani mafayilo ndi bandulo ya usiku kapena pa Wi-Fi. WhatsApp ndi Facebook si nkhokwe: zimachepetsa zithunzi mpaka zilembo kusawerengeka, ndipo foni ikabedwa zambiri zimapita nayo. Potumizira m'bale pa WhatsApp, tumizani ngati Document kuti chithunzi chifike chathunthu. Fulashi ya mbiri ya banja isapite kokaikitsa nyimbo, chifukwa makompyuta a kumeneko amakhala ndi mavairasi obisa mafoda. Memori khadi nayo imafa mwadzidzidzi. Iyeseni chaka chilichonse ndipo pakatha zaka zingapo koperani zonse pa yatsopano.

Amene ali ndi kompyuta akhoza kuikamo Gramps, pulogalamu yaulere yosanja mibadwo imene imagwira ntchito popanda intaneti. FamilySearch nayo ndi yaulere, koma za anthu omwalira zimene mwaikapo ena akhoza kuziona ndi kuzisintha. Kulikonse kumene mungaike, manambala a ziphaso za unzika, masiku obadwa ndi zithunzi za ziphaso za anthu amoyo zisapite pagulu, ngakhale pa gulu la WhatsApp la banja, chifukwa akuba amagwiritsa ntchito zomwezo pobera anthu pa foni.

Kukafufuza kwina

Zakunyumba zikatha, pitani ku mpingo. Mamishoni ndiwo anayamba kulemba mayina a anthu wamba: Livingstonia kuyambira 1875, Blantyre 1876, Likoma 1885, Mvera 1889, Nkhoma 1896, PIM ku Chiradzulu 1900, Nzama 1901, Mua ndi Malamulo 1902. Kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati amatchula makolo, mudzi ndi mboni. Mpingo wa kumudzi kwanu ngati ndi watsopano, funsani kuti kale unali nthambi ya siteshoni kapena parishi iti, poti mabuku akale ali kumeneko. Lembani kalata kwa abusa kapena bambo mfumu, mutchule dzina la paubatizo, mudzi ndi zaka zosapitirira zisanu zoti afufuzemo. Kupempha kuti “mundipezere agogo anga” popanda zaka n'kumupatsa mlembi ntchito ya mwezi wathunthu.

National Archives of Malawi ku Zomba, imene inayamba 1947, imasunga mafayilo a boma, mabuku a ma DC akale onena za mafumu ndi midzi, ndi nyuzipepala zakale. Kumeneko kumathandiza kwambiri ngati kholo lanu linali mfumu, mphunzitsi, msilikali kapena wogwira ntchito m'boma. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Ngati kholo linafera ku nkhondo lili mu King's African Rifles, yesani dzina lake pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, kumene kufufuza n'kwaulere, ndipo yesani kalembedwe kangapo. Kwa amene anapita ku Wenela, Theba kapena Mthandizi, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito zakunja, nambala ili pa chitupa kapena pa khadi la kumgodi ndi yofunika kuposa dzina. Ikopereni m'kope momwe ilili. Maulendo amenewa akhale omaliza, ndipo imbani foni kaye mufunse masiku otsegula, malipiro ndi ngati amalola kujambula ndi foni.

Abale a machona amene anakhazikika ku Zimbabwe, Zambia kapena South Africa muwatumizire tsamba la kholo lawo, adzaze mbali yawo ndi kujambula ziphaso zakale zimene ali nazo. Pa ziphaso zoterozo pamapezeka dzina la mudzi, mfumu ndi boma la ku Nyasaland, zimene zimalumikiza mizere iwiri imene inatayana.

Kope lalikulu likafika pa anthu 15 oyamba, lipangeni fotokope kawiri. Imodzi ipite kuchimuna, ina kuchikazi, ndipo pempho likhale lakuti akonze ndi pensulo pamene aona cholakwa, alembenso dzina lawo pambali. Zokonzazo muzilowetse kumanja kwa kope lanu ngati magwero atsopano. Mapepala a malo, a nyumba ndi wilo akhale mu envulopu ina kunja kwa ndowa ya mbiri, chifukwa ndowayi idzatsegulidwa ndi anthu ambiri. M'kati mwa chikuto cha kope lembani tanthauzo la manambala ndi la zilembo P, M ndi K, malo amene memori khadi ndi mafotokope zili, tsiku limene mwalemba komaliza, ndi dzina la amene mwagwirizana kuti adzalandire kopelo pambuyo panu.